Lipoti la ntchito: kuteteza zipinda zam'mwamba ku moto poyala kapeti yatsopano m'nyumba ina ku Leicester

Nyumbayo ndi pempho la eni ake

Lipoti ili likufotokoza ntchito imene inachitika m'nyumba yosanja kamodzi mumzinda wa Leicester ku England, imodzi mwa nyumba za njerwa zogundizana khoma ndi khoma zimene zinamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Pansi pali zipinda ziwiri zochezera, khitchini yotulukira kumbuyo ndi bafa kuseri kwake. M'mwamba muli zipinda zitatu zogona, ndipo masitepe amayambira pakati pa zipinda ziwiri zapansizo. M'nyumbamo mumakhala banja lochokera ku Malawi, bambo, mayi, ana awiri ndi agogo awo aakazi, amene amagona m'chipinda chaching'ono chakumbuyo, pamwamba penipeni pa khitchini. Nyumbayi anagula, si ya lendi.

Eni nyumba anali atagwirizana kale ndi mmisiri woyala makapeti kuti achotse kapeti yakale m'mwamba monse ndi pamasitepe. Ine anandiitana ngati woyendera ndi kukonza nyumba chifukwa cha funso limodzi limene bambo a pakhomopo anali nalo: anafuna kudziwa mtundu wa kapeti imene siyaka, kuti moto ukabuka kukhitchini usiku, amayi awo ndi ana akhale otetezeka. Ndinawayankha kuti kapeti yosayaka konse kulibe, ndiponso kuti chitetezo chimene iwo akufuna sichili mu kapeti ayi, koma mu zimene zili pansi pake, zomwe sizionekanso kapetiyo ikangokhomedwa. Pa chifukwa chimenechi ndinapempha kuti ntchito yoyala iime kaye kufikira titatukula matabwa ndi kuona m'kati.

Ambiri a ife amene tinakulira m'nyumba zozira ndi simenti sitiganiza kuti pansi pamene tapondapo pangathe kupsa. M'nyumba zakale za ku Britain pansi pa zipinda zam'mwamba si pa konkire. Pali mitanda ya matabwa yoyalidwa kuchoka pakhoma kufika pakhoma, pamwamba pake anakhomerapo matabwa opondapo, ndipo kunsi kwake anakhomerako siling'i ya chipinda chapansi. Pakati pa matabwa ndi siling'i pamatsala mphako yaitali yodutsamo mawaya a magetsi ndi mapaipi. Moto wa kukhitchini umakwera, choncho chinthu choyamba kukumana nawo ndi siling'i, kenako mitanda, kenako matabwa, ndipo kapeti imakhala yomalizira, pa nthawi imene munthu wogona m'chipindamo amakhala atakomoka kale ndi utsi.

Zimene malamulo amafuna

Ku England nkhaniyi imatsatira Building Regulations 2010 ndi buku la malangizo lotchedwa Approved Document B, gawo loyamba, lokhudza nyumba zokhalamo. Pa nyumba yosanja kamodzi, malangizowo amafuna kuti pansi pa zipinda zam'mwamba, poyesedwa ndi moto wochokera kunsi, pasagwe kwa mphindi 30, lawi lisaboole kwa mphindi 15, ndipo kutentha koopsa kusadutse kwa mphindi 15. Chipinda chikakhala pamwamba pa galaja, zonse zitatuzi zimafuna mphindi 30 zathunthu. Malangizo omwewo sakakamiza kanthu pa zoyala pansi m'nyumba wamba, chifukwa pamwamba pa matabwa ndi pa masitepe sipakhudzidwa kwenikweni mpaka moto utakula kale. Ngakhale lamulo la 1988 lokhudza kuyaka kwa mipando ndi matiresi silikhudza makapeti.

Malamulo omanga nyumbawa sabwerera m'mbuyo kukagwira nyumba yakale imene palibe akuimanganso, ndipo kusintha kapeti sikuwerengedwa ngati ntchito yomanga. Ndinawauza eni nyumba mosabisa kuti palibe wa kukhonsolo amene akanawafunsa kanthu akanangoyala kapeti n'kumagona. Koma panali mfundo ina: banjali likuganiza zodzasandutsa kudenga kukhala chipinda chogona ana akakula. Chipinda chikakhala pamtunda woposa mamita 4.5 kuchokera panthaka yakunja, malangizo amafuna masitepe otchingidwa bwino, zitseko zolimba ku moto, ndi mphindi 30 zathunthu pa pansi pa zipinda. Kukonza tsopano, matabwa ali poyera, kunali kotsika mtengo kusiyana ndi kudzang'amba kapeti yatsopano patapita zaka zochepa.

Zimene tinapeza

Kapeti yakale itachoka tinapeza matabwa a m'mbali mosalala, opanda mano olumana, amene anauma ndi kufota pa zaka zambiri mpaka kusiya mipata yoti ndalama yachitsulo n'kugweramo. M'chipinda chakutsogolo ndi chapakati siling'i yakunsi inali ija yoyambirira, ya timatabwa topyapyala topakidwa pulasitala wa laimu. Poyang'ana kuchokera pamwamba, pulasitala amaoneka atafinyikira pakati pa timatabwato n'kupindika, ndipo kupindikako ndi kumene kumagwira siling'i yonse kuti isagwe. Mbali yaikulu inali bwino, koma motsatira mapaipi otenthetsera nyumba, amene anaikidwa pambuyo pake, pulasitala wopindikayo anali atathyoka, kutanthauza kuti pamenepo siling'i ikungolendewera ndipo ingagwe msanga ikatenthedwa.

Vuto lalikulu linali m'chipinda cha agogo. Siling'i ya khitchini inasinthidwa kale ndi munthu wina, amene anaika plasterboard (bolodi lopangira siling'i) yopyapyala ya mamilimita 9.5 ndi kubowolamo mabowo asanu ndi limodzi a nyale zolowa mu siling'i, za mababu a halogen a mawati 50. Nyalezo zinali zotseguka kumbuyo, moti nditagwada n'kusuzumira pabowo la thabwa ndinkaona sitovu ya kukhitchini kudzera m'mbali mwa babu, ndipo fungo la mafuta okazingira linkandipeza pomwepo. Nyale imodzi inali pafupi kwambiri ndi mtanda, ndipo mbali ya mtandawo inali itada bii pamalo aakulu ngati chikhatho. Nditakanda ndi mpeni, pamwamba pake panayoyoka ngati makala. Pafupi pomwepo panali utuchi wouma, zidutswa za nyuzipepala zakale ndi kabokosi kolumikizira mawaya kopanda chivindikiro. Pamene mapaipi a boila (makina otenthetsera madzi) amadutsa, bowo linali lalikulu loti dzanja n'kulowa, ndipo palibe anayesapo kulitseka.

Kuopsa kwa zimenezi kumamveka bwino munthu akadziwa mmene plasterboard imagwirira ntchito. Mwala wa gypsum umene uli m'kati mwake umasunga madzi okwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, ndipo moto ukaiwomba madziwo amatuluka ngati nthunzi, zimene zimachedwetsa kutentha kufika kuseri. Koma chitetezo chimenechi chimadalira kuti siling'i ikhale yathunthu. Bowo lililonse lotseguka ndi njira ya utsi ndi lawi, ndipo moto ukalowa m'mphako umayenda motsatira mitanda osaoneka ndi aliyense. Mtanda wa paini umapsa monga chikuni chachikulu pamafuwa, kuchita makala kunja m'kati mukadali mtengo, pa liwiro la pafupifupi mamilimita 20 pa mphindi 30 mbali iliyonse imene moto ukuiwomba. Mitanda ya m'nyumbayi inali ya mamilimita 50 m'lifupi, choncho ikamapsa mbali zonse ziwiri, pakutha pa theka la ola pamatsala kamtengo ka mamilimita 10 okha konyamula bedi, wodulopu ndi munthu.

Mitanda yomweyo inali yofooka kale mwa njira ina. Malangizo a ku Britain amalola kusema pamwamba pa mtanda mosapitirira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a kuya kwake, ndipo posemapo pakhale chakufupi ndi khoma, osati pakati. Pa mitanda ya mamilimita 175 malire ake ndi pafupifupi mamilimita 22, koma amene anaika mapaipi anasema mitanda itatu yotsatizana mpaka pafupifupi mamilimita 50, ndipo m'mipata yomweyo anadutsitsamo waya wa magetsi wogona pa paipi yotentha, pansi penipeni pa thabwa. Waya wodutsa mu mtanda amayenera kukhala mamilimita osachepera 50 kuchokera pamwamba kapena pansi pake, kapena kutetezedwa ndi chitsulo, ndendende chifukwa cha ntchito ngati imeneyi ya kapeti: mmisiri akamakhomera matabwa olira kapena timatabwa ta minga togwira kapeti m'mbali, sadziwa chimene chili kunsi kwa msomali wake. Pawaya ameneyu panali kale chipsera cha msomali wakale umene unangokhudza chikopa chake n'kupitirira.

Siling'i ya chipinda chochezera chapakati inali yopakidwa zokongoletsa zokhakhala, zija ambiri amazitcha Artex. Zopakapaka za mtunduwu zakale zimatha kukhala ndi asbestos, imene fumbi lake ndi loopsa ku mapapo ndipo inaletsedwa kotheratu ku Britain mu 1999, ndipo ndi maso palibe angadziwe. Tinaitanitsa oyeza kuti atenge kachidutswa, ndipo zotsatira zinasonyeza kuti asbestos yoyera ilimo. Siling'iyo inali yosang'ambika, choncho tinagwirizana zoisiya osaiboola, osaipala, ndi kugwira ntchito yonse ya chipindacho kuchokera pamwamba.

Zimene tinachita

Ntchito inayamba ndi wamagetsi wolembetsedwa, popeza zambiri zimene zinapezeka zinali za mawaya. Iye anachotsa nyale zonse za halogen, anasuntha waya uja n'kumudutsitsa m'mabowo apakati pa mitanda, anasintha kabokosi kotseguka kaja, ndipo pomaliza anayeza dongosolo lonse n'kupereka satifiketi. Mitanda yosemedwa tinailimbitsa pomangirira matabwa ena m'mbali ndi mabawuti, ndipo pamwamba pa mapaipi tinaikapo timbale tachitsulo totchinga misomali. Mtanda wowauka uja tinaupala mpaka kufika pa mtengo wabwino. Makala sanalowe kwambiri, koma nawonso tinaulimbitsa. Utuchi, mapepala ndi zinyalala zonse za m'mphako tinazichotsa ndi makina opopa fumbi.

Kukhitchini tinakhomera plasterboard ina ya mamilimita 12.5, ya mtundu wolimba ku moto, kunsi kwa yakale ija, yogwira m'mitanda yeniyeni, ndipo molumikizira monse munamatidwa ndi kupakidwa pulasitala. Mayi a pakhomopo sanafune kutaya nyale zolowa mu siling'i chifukwa khitchiniyo ndi yamdima, choncho tinaika za LED zotseka kumbuyo, zoyesedwa ku moto, zokhala ndi mphira umene umafufuma ukatenthedwa n'kutseka bowo. Maganizo anga anali oti tiike nyale yamtundu wokhomera kunja, yofuna kabowo kamodzi ka waya, chifukwa siling'i yopanda mabowo imaposa siling'i ya mabowo otetezedwa; koma nyale zimene anasankhazo n'zovomerezeka, ndipo khitchini ndi yawo. Mozungulira mapaipi a boila tinatsekamo ndi mineral wool (chotchinga kutentha chooneka ngati thonje) ndi phala lofufuma ndi moto. Thovu lopopera la m'chitini, ngakhale lija lapinki lolembedwa kuti ndi la moto, sindiligwiritsa ntchito pa mabowo aakulu ngati amenewa, chifukwa limayesedwa pa ming'alu yopapatiza yokha ndipo pa bowo lotambalala silikhalitsa.

M'zipinda zonse zitatu tinaika mineral wool ya mamilimita 100 pakati pa mitanda. Chinthu chimenechi chimapangidwa kuchokera ku miyala yosungunula, chimaoneka ngati thonje lolimba, ndipo sichisungunuka mpaka kutentha kutapitirira madigiri 1000. Kaikidwe kake ndiko kofunika kwambiri. Sitinangochiyala pamwamba pa siling'i, popeza siling'i ikagwa nachonso chingagwe. Tinayamba takhomera waya wa maso ang'onoang'ono, uja timamangira makola a nkhuku, m'mbali mwa mitanda chakumtunda, n'kumulendeweretsa ngati thumba pakati pa mtanda ndi mtanda, kenako n'kuikamo mineral wool yothina bwino. Mwanjira imeneyi pulasitala wakale akagwa ndi moto, chotchingacho chimatsala m'malo mwake chikuphimba mbali za mitanda ndi kunsi kwa matabwa. Wamagetsi anabweranso pa nthawiyi, chifukwa waya wokwiririka m'zotchinga sataya kutentha bwino ndipo mphamvu imene angathe kunyamula imachepa. Mawaya a masoketi anawakweza kuti adutse pamwamba pa mineral wool, osati m'kati mwake.

Matabwa atabwezeretsedwa, tinalemba ndi choko cholimba pamwamba pake njira ya paipi ndi waya aliyense, kenako tinakhomera hardboard yopyapyala pansi ponse kuti itseke mipata ya pakati pa matabwa, n'kulembanso njirazo pamwamba pa hardboard. Mpata wa pakati pa matabwa ndi khoma, kunsi kwa timatabwa ta m'mphepete, tinaumata ndi phala lomwe lija. Kutseka mipataku kumachedwetsa utsi, ndipo kumathetsanso mizere yakuda imene imaoneka m'mbali mwa kapeti yowala chifukwa cha mphepo yonyamula fumbi kuchokera m'mphako.

Kapeti, zitseko ndi maalamu

Pofika posankha kapeti, nkhani inali itachepa. Ndinawafotokozera eni nyumba kuti pali mayeso a ku Britain a BS 4790, amene amatenga nati yachitsulo yotenthedwa mpaka madigiri 900 n'kuiika pa kapeti kwa masekondi 30, kenako n'kuyeza kukula kwa popsa. Kapeti yabwino imapsa mosapitirira mamilimita 35 kuchokera pakati. Palinso magulu a EN 13501-1, monga Bfl-s1 ndi Cfl-s1, amene amaoneka pamapepala a makapeti ambiri. Mayeso amenewa amanena za moto wogwira pamwamba pa kapeti, osati za moto wochokera kunsi. Ubweya wa nkhosa suyaka msanga, umangonyeka n'kuzima, pamene polypropylene imasungunuka pa madigiri ongopitirira pang'ono 160 ndipo imamatirira pakhungu. Banjali linasankha kapeti ya magawo 80 a ubweya ndi 20 a nayiloni pamasitepe, pakhonde lam'mwamba (pothera masitepe) ndi m'chipinda cha agogo, ndipo m'zipinda zinazo linaika yotsika mtengo. Ndinaona kuti anagawa bwino ndalama zawo.

Panabuka kusiyana maganizo pang'ono pa underlay, chofewa choyala kunsi kwa kapeti. Mmisiri wa kapeti anali atakonza yokhuthala ya mamilimita 11, imene imamveka bwino kumapazi, koma inafuna kuti zitseko zonse zam'mwamba zidulidwe kunsi. Zitsekozi si zolimba ku moto mwalamulo, ndi zamatabwa wamba zakale, komabe chitseko wamba chotseka chimachedwetsa utsi kwambiri malinga ngati kunsi kwake kulibe mpata waukulu, ndipo amisiri ambiri amadula mopitirira pofuna kuti asadzaitanidwenso kuti chitseko chikukhula. Tinagwirizana pa underlay ya mamilimita 8, ndipo zitseko ziwiri zokha zinapalidwa pang'ono kuti zingodutsa pamwamba pa ubweya. Kwa amene ali ndi zitseko zenizeni za moto, monga za FD30, nkhaniyi ndi yokhwima koposa, chifukwa wopanga amaika malire a mmene chitseko chingadulidwire, ndipo kupitirira malirewo kumachotsa chitsimikizo chake.

M'nyumbamo munali alamu ya utsi imodzi yokha, ya batire, pakhonde lam'mwamba, ndipo tsiku lolembedwa kumbuyo kwake linasonyeza kuti inapitirira zaka 10 zimene maalamu otere amayenera kusinthidwa. Popeza matabwa anali otukula kale, wamagetsi anadutsitsa waya mosavuta n'kuika maalamu a magetsi okhala ndi batire lothandizira, olumikizana kuti imodzi ikalira zonse zilire: ya kutentha kukhitchini, ya utsi m'chipinda chochezera chakutsogolo, poyambira masitepe ndi pakhonde lam'mwamba. M'chipinda cha Artex tinaika yolumikizana popanda waya, yomatira, kuti tisaboole siling'i. Ku Scotland dongosolo lofanana ndi limeneli ndi lamulo m'nyumba zonse kuyambira February 2022. Ku England lamulo limakakamiza eni nyumba za lendi kukhala ndi alamu pa nsanja iliyonse, koma munthu wokhala m'nyumba yake amasankha yekha. Mwa zonse zimene zinachitika m'nyumbayi, maalamu ndiwo anadya ndalama zochepa, ndipo ndiwo ndingayambire ngati banja lili ndi ndalama za chinthu chimodzi chokha, popeza mphindi 30 za siling'i zilibe phindu kwa munthu amene sanadzutsidwe.

Zimene zinatsala

Masitepe a nyumbayi amatsikira pafupi ndi chipinda chogundizana ndi khitchini, choncho moto wa kukhitchini ungathe kutseka njira yotulukira. Pa nyumba yotere malangizo amadalira mawindo othawira, otseguka malo osachepera 0.33 sikweya mita, osachepera mamilimita 450 m'litali ndi m'lifupi, ndipo kunsi kwa potsegukapo kusapitirire mamilimita 1100 kuchokera pansi. Windo la chipinda cha agogo limatseguka kachigawo kakang'ono kam'mwamba kokha. Ndinalangiza kuti lisinthidwe, koma ndinanenanso kuti munthu wa msinkhu wawo sangadalire kutulukira pawindo, ndipo kukanakhala bwino kuti asamukire kuchipinda chakutsogolo, choyang'ana kumsewu kumene ozimitsa moto amafikira ndi makwerero. Agogo anakana mwaulemu, nati chipinda chakumbuyo n'chofunda ndipo phokoso la magalimoto silifikako. Bambo a pakhomopo anati sangawakakamize amayi awo, koma analonjeza kusintha windolo, kutseka chitseko cha khitchini usiku uliwonse, ndi kuitana ozimitsa moto a m'deralo, amene amayendera nyumba kwaulere ndi kupereka malangizo makamaka kumene kuli okalamba.

Posuzumira kudenga ndinaonanso kuti khoma logawa nyumbayi ndi ya oyandikana nawo silifika pamwamba, zimene zimapezeka m'nyumba zambiri za m'badwo umenewu, ndipo kulitseka kudzafuna kukambirana ndi eni nyumba inayo. Ndinapereka kwa banjali zithunzi za mphako iliyonse isanatsekedwe, mapepala a zipangizo zimene zinagwiritsidwa ntchito, zotsatira za asbestos ndi satifiketi ya magetsi, ndipo ndinalemba momveka kuti ntchitoyi sinayenderedwe ndi oyang'anira zomangamanga, choncho pa nthawi yomanga chipinda cha kudenga iwo ndiwo adzagamule ngati zithunzizo zikukwanira kapena ngati adzafuna kutukula thabwa limodzi kapena awiri kuti adzionere okha. Pa chifukwa chimenechi, pakona ya chipinda chilichonse tinasiya thabwa lalifupi losavuta kuchotsa, ndipo malo ake analembedwa pa pulani imene ili m'gulu la mapepalawo.